Malo a Msuweni Wobadwira m'Chitaganya

Dziko limene msuweni wanga anabadwiramo linakhala zaka khumi zokha. Linayamba m'chaka cha 1953, linatha pa tsiku lomaliza la chaka cha 1963. Makolo athu ankalitcha Chitaganya. Linali ndi zonse zimene dziko limakhala nazo: likulu ku Salisbury, nyumba ya malamulo, mbendera, asilikali, masitampa ndi ndalama zake. Kobiri lake linali loboola pakati, la njovu ziwiri. Azungu anatenga mayiko atatu, amene lero ndi Zimbabwe, Zambia ndi Malawi, n'kuwamanga mtolo umodzi. Anthu a kuno anakana lisanayambe, ndipo anapitiriza kukana mpaka mtolowo unamasuka. M'chaka cha 1959 ambiri anamangidwa chifukwa cha kukanako, ena anaphedwa.

Zimenezi zili m'mabuku, ndipo pa zaka zimene ndinali mtolankhani ndinazilembapo kangapo, makamaka mwezi wa Malichi ukamayandikira. Zimene sindinalembepo ndi za ana amene dzikolo linasiya. Mmodzi wa iwo ndi mwana wa malume anga. Tsopano wakalamba, ndipo chaka chino funso lake lafikanso pakhomo pathu ku Malindi: amange pati, ndipo akadzamwalira adzagone pati.

Malume anali mchimwene wa amayi anga, woyamba kubadwa. Anaphunzira pa sukulu ya mishoni ku Malindi, kenaka anaphunzira utelala. Masiku amenewo Mangochi ankatchedwa Fort Johnston, ndipo mnyamata wa kwathu anali ndi njira ziwiri, nyanja kapena Halale. Malume anasankha Halale. Amayi, amene anali kamtsikana, amakumbukira zinthu ziwiri za tsikulo: kuti malume anawoloka Shire pa pantoni chifukwa mlatho kunalibe, ndiponso kuti nsapato ananyamula m'manja kuopa kuti zingathe asanafike.

Ku Salisbury, kumene kwathu tinkangoti Halale, anaika makina awo pa khonde la sitolo m'lokeshoni, n'kumasoka mayunifolomu a ana a sukulu ndi masuti a ukwati. Anakwatira mkazi wa Chishona. Kumeneko mkazi salowa m'nyumba popanda ng'ombe, choncho malume anasonkhanitsa zimene anapeza pa makina aja, nagula ng'ombe, napereka. Mwana woyamba anabadwa Chitaganya chili pakati pa moyo wake. Malume ankadana nacho Chitaganyacho monga Mnyasa aliyense, ndipo ankati chikadzatha adzabwerera. Chinatha. Malire analimba, kumeneko kunabuka nkhondo, ana anachuluka, makina anakalamba. Malume anatchona. Anamwalira ndi kuikidwa komweko, ndipo kwathu kunangofika uthenga, maliro atapita kale.

Msuweni wangayo anafika zaka pafupifupi makumi awiri zapitazo, m'nyengo imene zinthu zinavuta kwambiri ku Zimbabwe. Mkazi wake anali atamwalira. Hotela imene ankaphikako inali itachepetsa antchito. Kanyumba kamene ankakhala, kuseri kwa nyumba ya munthu wina, kanali katagwetsedwa, monga zinachitikira anthu ambiri m'matauni a kumeneko. Chiphaso chake chinkasonyeza kuti ndi mlendo, ngakhale anabadwira m'chipatala cha mumzinda womwewo ndipo anali asanatulukepo m'dzikomo. Anthu ankamutcha mubhurandaya, kutanthauza munthu wa ku Blantyre. Blantyre weniweniyo anamuona koyamba pa windo la basi, ali ndi imvi kale.

Ndine ndinakamulandira pa depoti ya Mangochi, chifukwa pa abale onse ndine ndinkakhala m'tauni. Sanavute kumuzindikira. Anali ndi mphumi ya amayi anga. Anali ndi sutikesi imodzi, mipeni ya kukhitchini yokulunga m'nsalu yokhuthala, ndi ndodo yakuda yokhala ndi mutu wozungulira, imene sankaitsamira poyenda. Chichewa ankachidziwa, koma chinali cha bambo ake, cha mawu amene kuno tinasiya kale, chosakanikirana ndi Chishona.

"Inu ndinu mwana wa azakhali?" anandifunsa.

"Ndine."

"Ndiye kuti ndinu mdzukulu wanga. Kwathu mukanamanditcha sekuru, ngati agogo anu."

"Kumeneko. Kuno ndinu msuweni wanga, ndipo msuweni ndi mwamuna wanga. Nyamulani katundu, bambo a kunyumba, matola akudzaza."

Anandiyang'ana ngati ndatukwana m'tchalitchi. M'galimoto, ulendo wonse mpaka ku Malindi, anakhala atapinda mawondo kuti asandikhudze. Ndinayesa kumufotokozera kuti kwathu mwana wa malume ndi mwana wa azakhali amatchulana choncho, amanyozana, amalandana ndiwo m'mbale, ndipo palibe amene amakwiya. Anangoti kwa amayi ake munthu atanena zimenezo angamuitanire akuluakulu.

Ku Malindi amayi analira atamuona. Anamugwira kumaso, anamugwira makutu, nati makutuwo ndi a achimwene awo. Anaphera nkhuku. Tsiku limenelo linali labwino, ndipo ndimafuna kuti lizikumbukika, chifukwa zimene zinachitika mawa lake zimachititsa anthu kuiwala kuti tinamulandira.

Mawa lake m'mawa anapempha kuti abale asonkhane. Tinakhala pa khonde la amayi: amayi, ife ana awo aakazi, ndi achimwene anga aakulu. Achimwenewo ndiwo mwini mbumba, ndiye kuti ndiwo oyang'anira alongo awo, ana a alongowo ndi malo a banja, udindo umene ukanakhala wa malume akanabwerera. Ndi msodzi wa usipa, ali ndi boti ndi ukonde wa chilimila, ndipo anabwera ku msonkhanowo akusoka ukonde. Msuweni anagwada, naomba m'manja mwa Chishona, manja atapinda ngati akubisa dzira. Kenaka anaika ndodo ija pansi, patsogolo pa amayi.

"Azakhali, bambo anamwalira. Pa mwambo wogawa katundu anandipatsa dzina lawo, ndipo ndodo yawo ndi iyi. Ine ndine mwana wamwamuna woyamba. Ndabwera kwathu. Mundisonyeze munda wa bambo ndi pamene panali nyumba yawo, ndikhale m'malo mwawo."

Analankhula mwaulemu, ndipo zinkaoneka kuti mawuwo anawakonzekera ulendo wonse. Achimwene anapitiriza kusoka, koma ndinaona kuti akubwereza diso limodzi la ukonde. Kenaka amayi anafunsa, mofatsa ndithu:

"Mwanawe, kodi kwa amayi ako ndi kuti?"

Msuweni anatola ndodo ija, naimirira, nalowera kugombe. Ndinamutsatira patapita kanthawi. Ndinamupeza atakhala pa bwato lakale lovundikira, pafupi ndi thandala loyanikapo usipa.

"Kanyumba kaja katagwetsedwa ndinapita kwa amayi," anatero. "Amalume a kumeneko anandipatsa chakudya. Atatha anati, ng'ombe za bambo ako tinadya kalekale, iwe ndiwe wa kwa bambo ako, kodi ku Nyasaland sukudziwako? Ndabwera ku Nyasaland. Akuti kwa amayi ako ndi kuti."

Amayi sanamuthamangitse. Kwathu limenelo ndi funso loyamba limene timafunsa munthu aliyense, kuti tidziwe pomuika. Ndipo munda wa malume kunalibe. Mwamuna wa kwathu amalima pa malo a amayi ake mpaka atakwatira, kenaka amapita chikamwini, kukamanga ndi kulima kwa mkazi. Kamunda kamene malume ankalima ali mnyamata kanabwerera kwa alongo awo chaka chomwe ananyamuka, ndipo pamenepo panali patamangidwa kale nyumba za ana aakazi. Msuweni anapempha chinthu chimene ngakhale bambo ake omwe sanakhale nacho.

Ndakhala ndikuganiza za malire kuchokera tsiku limenelo. Ku Chiponde kuli malire enieni, a mbendera ziwiri, akasitomu ndi zidindo. Koma mnyamata wa ku Mandimba, tsidya lina la malirewo, akakwatira mbali ya kuno palibe amene amasokonezeka. Amabwera pa njinga, amamanga kwa mkazi, ana ndi a mbumba ya mkaziyo, ndipo abale a mbali zonse ziwiri akudziwa zimenezo ukwati usanachitike. Malume anakwatira m'dziko la mbendera imodzi ndi ndalama imodzi, koma anadutsa malire amene anthu ojambula mapu a Chitaganya sankawadziwa. Kwathu kuno mwana ndi wa mayi. Kwa Ashona mwana ndi wa bambo. Zikanakhala kuti amene anapita ku Halale anali amayi anga, n'kukwatiwa kumeneko, mwana wawo akanakhala ndi kwawo kuwiri. Popeza amene anapita anali malume, mwana wawo alibe kwawo.

Sanabwerere ku Zimbabwe, chifukwa kunalibe kobwerera. Anakhala kwa ine m'tauni miyezi ingapo, akugona pabalaza, kenaka anapeza ntchito ya ukhukhi pa malo ena ogona alendo cha ku Makokola. Ntchito ankaidziwa. Chimene sankachidziwa ndi nsomba zathu. Usipa ankautcha matemba, ndipo poyamba ankadula mutu wa chambo n'kutaya, mpaka anzake a kukhitchini anamuuza kuti akapitiriza adzamutengera kwa sing'anga. Anamupatsa chipinda m'nyumba za antchito kuseri kwa bwalo la ndege, ndipo anakhala mmenemo zaka zonsezi.

Ku Malindi sanasiye kubwera. Akapatsidwa tsiku lopuma ankakwera minibasi mpaka ku Mangochi, n'kuwoloka mlatho, n'kukwera matola, atanyamula mabanzi ophika yekha. Denga la amayi litayamba kudontha ndiye anakwera. Pa maliro aliwonse a m'banja ankafika, n'kuvula jekete, n'kulowa kumene amayi akuphika, kumene mwamuna wa kwathu sapondako.

"Achoke uyu, atithira tsabola wa azungu," ankatero akazi a pamudzi.

"Anyezi mwadulawu ndi wa anthu kapena wa ng'ombe?" iye ankayankha, mpeni uli kale m'manja.

Anaphunzira moni wa Chiyao, ndipo asodzi a pagombe anayamba kumutcha a Halale. Anaphunziranso chisuweni, mochedwa koma bwinobwino. Tsiku lina anandipeza pa msika wa Mangochi ndikutsutsana mtengo ndi wogulitsa tomato, nanena mokweza kuti, "Mumukhululukire, ndi mkazi wanga, kunyumba sitimupatsa ya ndiwo." Koma za malo sanazitchulenso. Pakakhala nkhani ya banja, ankanyamula mpando wake yekha n'kukakhala kumene kumakhala alendo.

Kamodzi kokha ndinamufunsa zimene amakumbukira za Chitaganya. Anati anali wamng'ono, amakumbukira chimodzi: tsiku limene chinatha bambo ake anatseka makina masana, namunyamula paphewa, navina mumsewu wa lokeshoni pamodzi ndi Anyasa anzawo.

"Ifenso kuno tinavina," anatero amayi, amene ankamvetsera. "Ndipo atati chibwerenso, ndingavinenso tsiku lochithamangitsa, ndi miyendo yomweyi."

"Sindikuchilira, azakhali. Chinali cha azungu, ndipo bambo ankalowera khomo la kuseri m'sitolo zawo. Ndikungonena kuti ndi dziko lokhalo limene bambo ndi amayi anga onse awiri anali anthu ake. Chitatha, mmodzi anasanduka mlendo, ine n'kutsatira."

Chaka chatha anapuma ntchito. Matenda a shuga anamufooketsa maso, ndipo khukhi amene saona bwino mpeni sakhalitsa m'khitchini. Chipinda cha antchito anachisiya, monga lamulo la pantchito linenera. Tsopano akuchita lendi kachipinda kuseri kwa msika wa Mangochi, pafupi ndi chigayo, pamene mazenera amanjenjemera tsiku lonse. Ali ndi mwana mmodzi wamwamuna, amene amayendetsa malole ku Joni ndipo ali ndi ana ake aamuna. Mwanayo amatumiza thandizo, koma nayenso amakhala m'chipinda cha lendi m'dziko la eni.

Mvula itatha chaka chino anabwera kunyumba kwanga.

"Ndiperekezeni kwa azakhali. Ndikufuna ndikapemphenso."

"Ndodo ija mutenga?"

"Ndodo ikhale. Nditenga shuga, ngakhale ine ndemwe sindimudya."

Tinakhala pa khonde lomwe lija. Amayi tsopano akalamba kwambiri, amamva khutu limodzi, ndipo amakhala chopendekera kumene kukuchokera mawu. Msuweni sanatchule bambo ake. Analankhula kwa achimwene, monga mwambo ufunira. Anati wakalamba, maso akupita, ndipo akupempha kachigawo kakang'ono koti amangepo zipinda ziwiri. Anati chimene chikumusowetsa tulo kwenikweni ndi chakuti akadzafera m'kachipinda ka kuchigayo, anthu adzayamba kufunsana kuti mtembo upite kuti.

Achimwene si munthu wouma mtima. Boti lawo ladyetsa ana a alongo awo onse, ndipo ena awaphunzitsa mpaka ku sekondale. Anayankha pang'onopang'ono.

"Asuweni, ine sindikukana inu. Mwakhala nafe, mwatiikira maliro, amayi mwawafolerera nyumba. Ndikukana zimene zidzabwere inu mutapita. Tayang'anani uko."

Analoza chakumpoto, kumene gombe lathu limathera pa mpanda wa waya. Kale pamenepo panali mathandala a usipa a mabanja angapo. Bambo wina anapatsa mwana wake wamwamuna malo pamenepo chifukwa cha chisoni. Bamboyo atamwalira, mwanayo anagulitsa kwa munthu wa mumzinda, ndipo tsopano pali koteji, agalu awiri ndi mlonda. Akazi amayenda mozungulira kuti akafike kumadzi.

"Gombe silikula, koma ana a alongo angawa akuchuluka," anatero achimwene. "Mwana wanu wa ku Joni adzabwera ndi mwambo wa kwa amayi anu. Adzati nyumba ya bambo anga, malo a bambo anga. Akadzapita nazo kukhoti, sindikudziwa kuti adzamvera ndani."

"Mwana wanga sangatero."

"Inu munatero," anatero achimwene, osakweza mawu.

Msuweni anawerama. Ine ndinaganiza kuti nkhani yathera pomwepo, ndipo ndinayamba kuganiza za matola obwerera. Apo ndi pamene amayi anatembenuza khutu lawo labwino.

"Mwatha?" anafunsa. "Kale zimenezi sizinkavuta. Mwana wa mchimwene ankakwatira mwana wa mlongo. Mnyamatayo ankakhala pamudzi pa bambo ake, munda osachoka m'manja mwa eni ake. Chisuweni chinali cha zimenezo, si kutukwanana kokha ayi." Kenaka anandiloza ndi chibwano. "Uyu ali ndi malo ake kumtunda kwa msewu, amene ndinamupatsa atabereka mwana woyamba. Pamera udzu wokhawokha. Ankati adzamanga akadzapuma ntchito. Anapuma kale, ali phee m'tauni kuwerenga nyuzi za anzake."

"Amayi, mukundikwatitsa?" ndinafunsa.

"Angakutenge ndani iwe, wofunsa mafunso ngati wapolisi? Mwamuna wako uja anapirira, Mulungu amulandire." Achimwene anaseka mpaka anaika ukonde pansi. "Za ukwati ayi, nonse mwatha mano. Koma malowo ndi a mwana wangayu, ndipo mwana wa achimwene angayu ndi msuweni wake. Amange pamenepo ngati mkamwini. Mkamwini amamanga, amakhala, amadya mango a pabwalo, palibe womuthamangitsa ngati ali ndi khalidwe. Akapita, nyumba imatsala kwa ana a mkazi. Aliyense pamudzi pano akudziwa zimenezo, palibe chofotokozera munthu."

Ine sanandifunse, ndipo kunena zoona panalibe chondifunsira. Malowo ndi anga monga mmene analili a amayi: ndimasungira ana anga aakazi. Nyumba ya njerwa pamenepo ndi phindu lawo. Achimwene anati zimenezo akhoza kuzitengera kwa amfumu popanda manyazi, chifukwa si zachilendo.

Amene sanaseke ndi msuweni. Anatenga chipewa chake n'kumachizunguliza m'manja.

"Azakhali, kumene ndinakulira, mwamuna wokhala pa malo a mkazi amasekedwa. Amati wakwatiwa."

"Kuno amuna onse ukuwaonawa ndi okwatiwa," anatero amayi. "Bambo a ana awa anachokera kutsidya, anakhala pano mpaka imfa. Mipando ya m'tchalitchi muja anapala ndi iwo. Unamvapo wina akuwaseka?"

"Nanga manda?"

Achimwene ndiwo anayankha. "Mkamwini amene wakalamba nafe timamuika konkuno, abale ake akalola. Inu abale oti angakanize alipo?"

"Palibe amene angadzalimbirane mtembo wanga."

"Ndiye imeneyo yatha. Yatsala imodzi. Mwana wanu abwere. Akhale pamene mwakhala inupo, amve ndi makutu ake kuti nyumbayo si yake, ndipo avomere ndi pakamwa pake, amfumu ndi akulu a mpingo alipo. Za pa foni ayi."

Msuweni anathokoza, koma sanavomere kapena kukana. Tinakwera matola obwerera. Titayamba kuona mlatho analankhula, osandiyang'ana.

"Bambo anapereka ng'ombe kuti ine ndikhale wawo. Ine ndinapereka ng'ombe kuti mwana uja akhale wanga. Moyo wanga wonse ndinkadziwa kuti mwamuna amasiyira mwana wake pokhala, ngakhale pakhale pang'ono ngati mphasa. Tsopano ndimuitane kuchokera ku Joni kuti adzamve kuti ndikumanga nyumba ya ana a eni."

Zimene amayi anapereka zinali zambiri kuposa zimene mwambo umalola mwana wa mwamuna, ndipo zinali zochepa kuposa zimene iye analeredwa kuyembekezera. Zonse ziwiri zinali zoona, ndipo iye ankazidziwa bwino kuposa ine.

Panapita milungu ingapo osamuona. Kenaka mlongo wanga wa ku Malindi anandiimbira kuti a Halale anabwera okha, osadzera kwa amayi, ndipo anawaona kumtunda kwa msewu akuyendayenda m'udzu muja, akugwada, akufinya dothi m'manja. Loweruka lotsatira anafika kwanga m'mawa, nsapato zili ndi zisoso.

"Malo anu aja ali ndi chulu," anatero.

"Ndikudziwa. N'chifukwa chake sindinamange."

"Ulesi basi. Dothi la chulu ndiye labwino njerwa. Komanso mpaka kunyanja ndi kutali, munthu wa maso ngati angawa sangagweremo." Anakhala pansi, napempha tiyi wopanda shuga. "Kukhitchini ndikufuna windo lalikulu, loyang'ana kum'mawa. Ana anuwo akadzalowamo asadzalitseke."

"Mwavomera?"

"Ndavomera za ine. Za mwana uja sindingamuvomerere."

Anapita kwa achimwene tsiku lomwelo, ndipo achimwene anakadziwitsa amfumu. Alovi, anyamata ogwira ntchito pa boti la achimwene, amene mwezi ukawala sapita kunyanja, anagumula chulu chija n'kuumba njerwa, msuweni akuwaphikira mpunga ndi nyemba pa mafuwa, n'kumawadzudzula kuti ngodya za njerwazo zikupindika. Njerwa zauma, zasanjidwa, ndipo aziwotcha mvula isanayambe. Maziko sanakumbe. Achimwene anena kuti khasu silikhudza pansi mpaka mwana wa ku Joni atalankhula.

Mwanayo wauza bambo ake kuti apatsidwa tchuthi mu Disembala, ndipo adzabwera pa basi ndi mwana wake wamkulu, amene sanaonepo nyanja. Akudziwa kuti bambo ake apeza malo ku Malindi, ndipo pa foni anasangalala, nafunsa ngati malowo ali pafupi ndi gombe. Zotsalazo sanauzidwe. Msuweni akuti adzamuuza yekha akadzatsika pa depoti, asanakwere matola, kuti ngati n'kukwiya akwiyire m'tauni. Msonkhano udzakhala pa khonde la amayi, Lamulungu loyamba mwanayo akadzafika, anthu akadzatuluka m'tchalitchi.